Bambo Trevaskis ndi mayina a kumsana kwa buku

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1943 ku Kadina, ndipo makolo awo anawatcha Desmond Trevaskis. Ine amene ndaima pano ndine mlamu wawo, mchimwene wa mkazi wawo Glenys, ndipo banja landipempha kuti ndinene mbiri yawo.

Sukulu anaisiya ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mu 1959 anabwera kuno ku Whyalla kudzaphunzira kuwotcherera zitsulo pamalo omangira sitima zapamadzi. Ine ndinawadziwira kusukulu ya ogwira ntchito yomwe tinkapita tikaweruka. Anali munthu wochedwa kulemba, koma akalemba sankafufuta.

Pa 14 Okutobala 1967 anakwatira mlongo wanga Glenys, ndipo anabereka ana awiri, Maureen ndi Alwyn. Mu 1971 anawakweza kukhala woyendera ntchito ya anzawo. Ankayenda ndi choko m'thumba, ndipo paliponse pamene msoko sunagwire ankalembapo mawu amodzi: bwerezani. Anzawo anawapatsa dzina lomwelo. Ena a inu munawatukwanapo, ndikudziwa, koma mwabwera.

Ntchito yomanga sitima itatha mu 1978, analowa kufakitale ya zitsulo mpaka anapuma mu 2003. Glenys anatha zaka zisanu akuyenda khomo ndi khomo kulemba mayina a anthu onse amene anamanga sitimazo, ndipo mu 1988 anasindikiza kabuku ka masamba 212. Anasindikiza ochepa, ndipo anamwazika. Pamene Glenys anatisiya mu 2011, m'nyumba munali limodzi lokha, lokhala ndi zolemba za dzanja lake m'mphepete. Malemu ankalisunga m'kabati ya zovala.

Mu 2012 mnzawo wa kuntchito, Bambo Rade Petkovic, anasiya kuona chifukwa cha matenda a shuga. Apa m'pamene malemu analowa gulu la anthu odzipereka limene limajambula mabuku ndi makina, kuti kompyuta iziwerengera mokweza anthu osaona. Lamulo la gululi ndi lakuti wina ajambule, wina afufuze. Iwo anasankha kufufuza. Ankakhala buku lapepala lili kumanzere, kompyuta kumanja, chala chili pamzere. Ankati munthu woona akapeza tsamba losowa amadziwa kuti lasowa, koma wosaona amangoganiza kuti mutu wake ndiwo wasokonekera. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anafufuza mabuku oposa mazana anayi, ndipo ambiri anawabweza.

Mu Ogasiti 2023 madokotala anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Bambo Rade atabwera kudzawaona, sananene za matenda. Anati: "Iwe Des, mabuku a anthu osawadziwa wafufuza mazanamazana. Nanga la mkazi wako? Anandilembamo, kapena anandiiwala chifukwa ndinkamudyera mabisiketi?"

Malemu anatulutsa bukulo n'kulipereka kwa Mayi Noelene Dunstall, amene amajambula mabuku m'gululi. Anawalamula kuti asalipinde. Koma bukulo linamatidwa molimba, silinkatseguka lonse, ndipo makina sankafika kumayina oyandikira kumsana, pomwe masamba amamatirana. Malemu atafufuza, anapeza kuti mayina 63 asowa. Analibweza. Mayi Dunstall anajambulanso, akulipanikiza ndi manja. Anasowa 41. Analibwezanso. Mayina ena anali olowa mkati kwambiri moti ngakhale ndi maso sankawerengeka bwino.

Ulendo wachitatu mayiwa anafika kunyumba ali ofiira nkhope. Ndinalipo. Anati: "A Bwerezani, mukufuna ndilowemo ndi tochi? Njira mukuidziwa. Kapena tidule msana, kapena mulivomereze momwe lililimu. Dzina la Rade latuluka bwinobwino, ndaliona pa tsamba 140."

Zinali zoona. Dzina la mnzawo linalipo, ndipo akanatha kuvomereza, buku la mkazi wawo n'kubwerera m'kabati lili lathunthu. Ine ndinawauza kuti atero. Sindichita manyazi kunena, chifukwa linali dzanja la mlongo wanga. Anandiyankha kuti: "Alamu, Rade si wosaona yekha m'tauni ino. Wina adzamvetsera mpaka kumapeto, osamva dzina la bambo ake. Adzati Glenys anawaiwala."

Anakhala nalo masiku asanu ndi anayi. Pa 20 Novembala anandipempha kuti ndiwaperekeze kuholo ya tchalitchi kumene kuli mpeni wodulira mapepala. Manja awo anali atafooka, koma anakana kuti wina awagwirire. Anayeza kawiri, n'kudula kamodzi. Atatha anati: "Pepa, Glen. Tsopano ulankhula."

Mayi Dunstall anajambulanso masamba odulidwawo, ndipo kufufuza komaliza malemu anakuchitira pabedi, masamba anayi kapena asanu patsiku. Atafika tsamba 171 mphamvu zinatha. Otsalawo anafufuza Mayi Dunstall ndi Maureen, wina akuwerenga papepala, wina akutsatira pakompyuta, malemu akumvetsera maso ali otseka. Kawiri anakweza chala, ndipo kawiri konse panalidi cholakwika. Pa 2 Febuluwale 2024 bukulo linalowa m'laibulale ya anthu osaona, mayina onse alimo. Bambo Rade anabwera ndi kachipangizo kawo komvetsera, n'kuimitsa pa dzina lawo katatu. Anati: "Mwachedwa nalo, koma mwakhoza." Malemu anaseka mpaka kutsokomola.

Anatisiya pa 11 Febuluwale, kunyumba kwawo, ana awo ali pambali, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu.

Asiya ana awiri, Maureen ndi Alwyn, zidzukulu zisanu, ndi mlongo wawo Mayi Beryl a ku Kadina. Banja likuthokoza anamwino amene ankabwera kunyumba, amayi a mpingo amene akonza tiyi, ndi gulu lonse la odzipereka. Mayi Dunstall avomera kutenga ntchito yofufuza, ndipo ndamva kuti sabata yatha abweza kale mabuku awiri.

Tikatuluka muno, masamba a buku la Glenys ali patebulo m'holo. Fufuzani mayina a abale anu, agwireni, koma chonde muwabwezere mwa dongosolo lake. Alipo onse, tawerenga kawiri.

Alamu anga, palibe chobwereza. Usani mumtendere.