Tizilombo ta Namatope Tisagone ndi Njala

Mwana ameneyu, anthu inu! Tamuonani mwana wa achimwene anga, anzake avala masuti, iye ali m'majombo a mphira. Wandikhazika pampando wa khushoni ine wogulitsa matimati. Namatope iwe, Mulungu akusunge, wandichotsa manyazi.

Pepani, ndayambira kumchira. Olemekezeka bwana wamkulu wa mgodi uno, olemekezeka akuluakulu oona za madzi, aphunzitsi a kuyunivesite amene munamusula mwanayu, abambo a kumakina otsukira miyala, amayi anzanga a m'madimba a kumunsi, ndi nonse amene mwapsa ndi dzuwa kuyambira m'mawa, landirani moni wanga.

Ine sukulu ndinalekeza panjira, ndiye ndiyankhula mmene ndimayankhulira pamsika. Mundilolenso nditsamire tebuloli, miyendo yatopa, ndipo sinayambe lero kutopako.

Dimba langa lili kumapeto kwa ngalande yochokera kuno. Mukatsuka miyala yanu, madzi ankafika kwathu ali ofiira ngati dzimbiri. Ukathirira m'mawa, pofika madzulo masamba apiringizika ngati awauka ndi moto. Tinadandaula mpaka malovu kuuma m'kamwa. Kenako tinangoyamba kukatunga kutali, ndowa pamutu, moti khosi langali mpaka lero silitembenuka bwino.

Mwanayu atabwera kuchokera kusukulu ndi mabotolo a matope akuda onunkha, ndinati basi, taphunzitsa wamisala. Iye anandikhazika pansi. Akuti m'matopemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso, mitundumitundu, tokhala ngati banja limodzi. Tina timaswa utuchi ndi ndowe. Tina timadya zotsala za tinzake, n'kumatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lowola. Mpweyawo ndi umene umagwira zitsulo zosungunuka m'madzi n'kuzimiza pansi, madzi n'kudutsa oyera. Ndinamufunsa kuti nanga antchito amenewa amalandira chiyani. Anati chakudya basi. Ndinati ndiye ndi anzanga.

Mukuseka, koma dzulo panatsala pang'ono kugwa maliro pano. Akapitawo a pabwalo, si awo akubisala kuseri kwa tenti, anaona kuti alendo olemekezeka sangakhale pafungo. Anabwera ndi zigubu za kulorini, mankhwala opha tizilombo, kuti athire m'maiwe amene mwanayu waikamo matope ake aja, pakhale paukhondo. Sindikuwanena ayi, nafenso kukamabwera alendo timasesa mpaka kuseri kwa chitseko. Koma mwanayu anaima m'mphepete mwa dziwe atatambasula manja, n'kuwauza kuti: "Bambo, mukathira zimenezo mwapha antchito onse. Fungoli ndiye umboni woti ali moyo."

Ndiye inu amene mwatseka mphuno ndi mipango, pirirani. Ntchito ndi imene ikununkhayo.

Chimene chikundilemera mumtima ndi ichi. Tentiyi mawa muchotsa, mipandoyi mubweza kwa eni ake. Koma tizilomboti tizifuna utuchi ndi ndowe mwezi ndi mwezi. Ndafunsa kuti azigula ndani. A mgodi akuti zimenezo n'za ayunivesite. Ayunivesite akuti kafukufuku wawo watha. Akuluakulu a madzi akuti iwo ntchito yawo n'kuyeza. Aliyense akuloza mnzake, mwaulemu ndithu, akumwetulira.

Mbuzi ikamva njala imalira, mwini wake n'kudzuka. Tizilomboti sitilira. Timeneti tikadzafa, muofesi simudzamva kanthu. Odzadziwa ndife a kumunsi, madzi akadzafiiranso. Ine ndafesa kale mbewu pokhulupirira madzi amenewa, ndipo mphamvu zosenzanso ndowa ndilibe. Amayi anzanga, ndikunama? Mwawamva.

Chimwemwe ndili nacho, musaone nkhope yotopayi. Sabata yatha ndinathirira ndi madzi ochokera m'dziwe lomalizalo, m'mawa mwake ndinapeza masamba ali chiimire. Ndinakhala pamzere n'kulira ngati mwana.

Tandipatsani sizasiyo ndidule riboniyi. Ndi ulemu umene mwandibwereka lerowu, maiwe oyeretsera madziwa ndawatsegula, ayambe ntchito. Zikomo kwambiri nonse.

Namatope, tayandikira mwanawe. Usadikire kuti akuluakuluwa amalize kulozana. Mwezi ukatha ndikutumizira kangachepe, ukagule utuchi, antchito ako asagone ndi njala. Bwana, musayang'ane pansi, ndanenera dala pamaso panu.