Makala a M'sefa ya Agustino

Tandiyankhani, ana inu: chakuda bii, chimasambitsa mnzake, icho osayera. Mwalephera? Ndi makala a m'sefa ya madzi. Agustino, mwana wa mchimwene wanga, anapanga yake m'ndowa: miyala, mchenga, makala. Tsiku losankha wapampando wa komiti ya mjigo kwathu ku Msakambewa, anaitana amayi a m'mudzi kuti adzalawe madzi ake, avotere iye, asiye Elifala amene nayenso ali ndi sefa.

"Amake Kalebe, madzi osefa! Ndiyambe ndalawa ndine."

Amake Kalebewo, Debora mkazi wake, anabwera ndi kapu. Agustino anagugudiza n'kunyambita milomo.

"Eyaa! Lilime langa silinama. Otere kulibe Dowa yense. A kwa Elifala amanunkha achule."

"Akoma?"

"Ukufunsa? Ntchito ya makala anga imeneyi!"

"Makala ake ati?"

"A m'sefa."

"Ohoo, aja. Ali mu nsimbi."

"Mu chiyani?"

"Paja munati chilichonse chakuda m'nyumba muno chiyere, kukubwera alendo. Ndinawatsuka katatu ndi sopo, osayera. Ndiye ndasitira shati mwavalayo."

Agustino anayang'ana shati.

"Chabwino. Mchenga umasefanso."

"Ndinakwechera mapoto."

"Wonse?"

"Mapoto anali akuda, bambo."

"Nanga miyala?"

"Yapsinja malata a khola. Munati mphepo isasasule."

"Mayi inu! Ndiye m'ndowamo mwatsala chiyani?"

"Thadzi. Likufungatira."

"Kalichotse!"

"Mazira asanu ndi atatu? Munati m'nyumba muno tisawononge kanthu."

Apa n'kuti amayi titadzaza pakhonde, ine kutsogolo, makutu tcheru. Agustino atationa anakonza kolala, n'kukweza kapu m'mwamba.

"Amayi, musamvere za mkazi wangayu, amakonda nthabwala. Umboni ndi uwu, ndamwa ndekha. Kuzizira kwake! Kutsekemera kwake! Munthu amene anasefa madzi amenewa ndiye wapampando wanu. Ndalumbira pamaso pa azakhali anga awa!"

Ine ndinati, "Ndamva, mwanangu, ndipo ndine mboni."

Debora anamanga chitenje n'kuyamba kuvala patapata.

"Iwe, ukupita kuti?"

"Kukawauza a Elifala kuti apambana. Munati mukufuna osefa, ndiye ndinakapempha kwawo."

Tinaseka, ine mpaka kukhala pansi, mwana wa mchimwene wanga ali chiimire, kapu ikadali m'mwamba.