Chikhosa cha Asewere Anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Linali Lachiwiri m'mwezi wa Novembala 2004, nthawi ili kota pasiti 3 masana, pamene foni inalira m'nyumba ya mwana wanga Tiyamike ku Kings Heath, kuno kutsidya kwa nyanja. Ndinali nditangofika kuchokera kokatenga mdzukulu wanga Asanda ku nasale, ndisanamuvule n'komwe jekete. Amene ankaimba anali apongozi anga a Lwazi, mwamuna wa mwana wanga, ndipo anangoti Tiyamike wagwa ku ntchito. Mmene ndinkafika ku chipatala chachikulu cha ku Edgbaston, komwe awiriwo ankagwira unamwino, mwana wanga anali atatisiya kale. Madokotala anati magazi anaundana m'mapapo. Mwa ana amene ndinabereka, amene anakula anali yekhayo.

Ine kwathu ndi ku Dowa, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Kuno ndinabwera kudzalera Asanda kuti makolo ake azipita ku mashifiti. Chingerezi changa chinali chokwerera basi ndi chogulira buledi. A Lwazi ndi a ku South Africa, mtundu wawo ndi Akhosa, ndipo ine ndi iwo tinkamvana kudzera mwa Tiyamike. Iye atapita, m'nyumba munalibenso wotimasulira.

Patapita masiku anayi kunafika mayi awo a Lwazi, asewere anga, amene onse ankawatchula kuti Makhulu, kutanthauza agogo. Mwa mwambo wawo anatulutsa bedi m'chipinda n'kuyala matiresi pansi, ndipo anatikhazika pamenepo awiri, ine ndi iwo, mpaka tsiku loika maliro. Tinakhala mapewa atagundana, tikufunda bulangeti limodzi, koma osalankhulana. Iwo Chingerezi sankachidziwa, ine Chikhosa ayi.

Vuto linayambira kwathu. Inu mukudziwa kuti kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Achimwene anga, monga eni mbumba, anaimbira foni a Lwazi kuchokera ku Dowa n'kuwauza kuti maliro akatha Asanda abwere kwawo ku Malawi. Iwo ankaona ngati akukwaniritsa udindo, osadziwa kuti kwa Akhosa mwana ndi wa kuchimuna. Koma mu Januwale a Lwazi anandikhazika pansi, n'kundiuza pang'onopang'ono kuti ndimve, kuti mu Epulo Asanda adzapita ndi Makhulu kukakulira kwawo ku South Africa.

Sindibisa, ndinadana nawo mayi aja. Tinkaphika m'khitchini imodzi, aliyense poto wake. Asanda anali ndi zaka zinayi, ndipo ankatiyankha tonse m'Chingerezi, n'kumathamanga kuchoka pa miyendo ya uyu kupita pa ya uyo. Ndikamuona atakhala pa miyendo ya Makhulu, mtima unkandiwawa ngati ndaikanso maliro ena. Ndinkadziwa kuti akapita adzaiwala Chichewa chochepa chimene ankamva, ndipo ngakhale pa foni sitidzamvana. Ndinasiya kudya bwino. Mapemphero anga anali oipa, ndipo Ambuye andikhululukire. Ndinkapempha kuti mayi aja adwale, abwerere kwawo okha.

Tsiku lina Lachinayi kunabwera mayi wina wamkulu thupi, namwino wopuma pa ntchito, dzina lake Mama Nokhaya. Anabwera kudzatenga Makhulu kupita ku mapemphero a amayi a Chikhosa, amene ankasonkhana mu holo ya tchalitchi china ku Sparkhill. Anandipeza m'khitchini ndikusita yunifolomu ya Tiyamike, imene panalibenso woti aivale. Anandiyang'ana, kenako anati m'Chichewa chopotoka, "Muli bwanji, mayi?" Bambo ake anagwira ntchito ku migodi ndi Amalawi, ndipo mawu amene anatolako anali omwewo. Anazimitsa simbi, n'kundiponyera chikhoti changa, amvekere, "Yiza!" Ndinamva kuti akuti tiyeni. Ndinapita chifukwa cha manyazi okana munthu wamkulu.

Mu holo muja munali amayi ovala yunifolomu, monga timachitira kwathu Lachinayi. Atayamba kuimba ndinazindikira nyimbo ina imene timaimba pa maliro ku Dowa. Mawu anali achilendo koma kaimbidwe kanali komweko. Ndinaimba m'Chichewa iwo akuimba m'Chikhosa, ndipo palibe amene anandiletsa.

Sabata yotsatira ndinapitanso. Kuphunzira Chikhosa m'buku sindikanatha, choncho Mama Nokhaya anandiika ku sinki kotsuka makapu. Chilichonse chimene ndagwira ankatchula dzina lake, ndipo sankandipatsa china ndisanabwereze. Ndinadabwa kuona kuti zina n'zapafupi. Madzi amati amanzi, mvula amati imvula, mdzukulu amati umzukulwana. Chimene chinandivuta ndi mawu awo oliza lilime. Kwathu tinakula tikumenyedwa chifukwa chotsonya pamaso pa akulu, ndiye pakamwa panga pankakana. Ndikayesa, amayi onse ankagwa nako kuseka. Mama Nokhaya ankati lilime langa ndi laulesi ngati mwamuna wake woyamba, ndipo ankandigwira chibwano kundionetsa poika lilime. Kumeneko n'kumene ndinayambira kusekanso.

Sindinkaphonya. Ndinkaduladula nawo kabichi, kukanda nawo buledi wawo wophika pa nthunzi, ndi kupita nawo kukaona odwala ku Smethwick ndi ku Wolverhampton. M'basi ndinkakhala mpando wa kumbuyo kwa Makhulu n'kumamvetsera. Kunyumba ndinayamba kuwapatsa moni m'mawa kuti "Molo", ndipo akandipatsira mchere ndinkati "Enkosi", ndiko kuti zikomo. Ankangogwedeza mutu. Matikiti a ndege anali atagulidwa kale, awiri, ndipo ndinkawaona pamwamba pa firiji tsiku lililonse.

Pa mapemphero aja pali mwambo woti akawerenga vesi, mayi aliyense amaimirira n'kunenapo zake, ena n'kumamulandira ndi nyimbo. Lachinayi lina chakumapeto kwa Malichi, kutatsala milungu itatu, Mama Nokhaya anandiloza n'kunena kuti, "Thetha." Ndiko kuti lankhula. Ndinakana, koma anapinda manja n'kudikira, ndipo holo yonse inadikira naye. Ndinaimirira. Ndinapemphera mumtima kuti Ambuye, munapatsa anthu malilime tsiku la Pentekoste, ine ndipatseniko mawu ochepa chabe.

Ndinati, "Ndandinomntwana omnye. Uswelekile." Ndinali ndi mwana mmodzi, anamwalira. Kenako ndinasakaniza Chikhosa ndi Chichewa ndi manja, kunena kuti ndatsala ndi umzukulwana yekha, ndipo akapita ine ndilibe munthu. Mawu omaliza amene ndinakumbukira anali akuti, "Ndiyoyika." Ndikuopa.

Palibe amene anayambitsa nyimbo. Makhulu anadzuka pa mpando wawo, n'kubwera kudzaima pamaso panga. Anati, "Nam ndiyoyika, Mkhozi." Nanenso ndikuopa, asewere. Aka kanali koyamba kunditchula ndi dzina la ubale wathu. Kenako analankhula motsitsa, mawu amodziamodzi, ndipo pamene ndasochera Mama Nokhaya ankandithandiza. Anati chilandirireni foni ya achimwene anga sankagona, poganiza kuti tsiku lina mwana wawo ali ku ntchito ndidzathawa ndi Asanda kupita ku Malawi. Iwo ndi okalamba, ali ndi shuga, ndipo sankafuna n'komwe kulera mwana wa zaka zinayi kumudzi. Ankangofuna kumubisa kwa ine. Miyezi inayi yonse tinkaopana, aliyense akuona mnzake ngati wakuba.

Madzulo a tsiku limenelo a Lwazi pobwera ku ntchito anatipeza tikuphika poto mmodzi. Makhulu anawauza kuti akhale pansi. Zambiri sindinamve, koma ndinamva dzina langa ndi la Asanda, ndipo ndinaona mwamuna wamkuluyo akulira koyamba chiikireni maliro. Tinagwirizana kuti mwana sapita kulikonse. Akhala ndi bambo ake, pafupi ndi manda a mayi ake, ndipo agogo awirife tizisinthana. Ine ndinaimbira achimwene n'kuwauza ndekha kuti nkhani ya mwana aisiye. Mu Epulo Makhulu anakwera ndege okha, ali bwinobwino, ndipo ndinawaperekeza ndikulira.

Ndikuthokoza Mulungu kuti sanamvere pemphero langa loipa lija. Anandituma ku sinki kukatsuka makapu a anthu amene ndinkawaona ngati adani, ndipo chipulumutso changa chinali kumeneko. Mwana wanga sanabwerere, ndipo chisoni sichinathe. Koma inu amene muli pa chisoni m'dziko la eni lino, musadzitsekere m'nyumba. Wina akakuitanani, pitani, ngakhale simukumva chinenero chake. Ngati ine wa Sitandade 4 ndinaphunzira mutu uli ndi imvi, inunso mukhoza.

Tsopano papita zaka zinayi. Chikhosa changa n'chopunduka ndithu, ndipo amayi aja amandisekabe. Theka la chaka ndimakhala ku Dowa, Makhulu ali kuno, theka linalo ndimabwera ine. Ndikakhala kuno, m'mawa ndimaperekeza Asanda ku sukulu, Lamlungu timaimbira foni Makhulu tonse awiri, ndipo Lachinayi ndimakwera basi ya ku Sparkhill. Kukagwa maliro pakati pa amayi aja, ndimapita kukakhala pa matiresi ndi wofedwayo.