Mbiri ya Bambo Cornelio Chagunda, Oyeza Dothi la Misewu

Amene tikuwaperekeza lero ndi Bambo Cornelio Chagunda. Anabadwa mu 1966 kwa Ganya m'boma la Ntcheu. Pulayimale anaphunzira ku Nsipe, ndipo atamaliza sekondale anatenga dipuloma ya zomangamanga ku Blantyre. Mu 1995 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Justina.

Anafika kuno ku Dublin mu 2004. Mapepala awo a kumudzi sanawafikitse pa uinjiniya, choncho anakhala oyeza dothi. Ntchito zomanga zitagwa, anasamalira okalamba ku Finglas kufikira 2017, pamene kampani ina yaing'ono ya ku Coolock inawalemba mu labotale. Kumeneko ankasakaniza dothi lofewa ndi laimu, n'kupoperamo mpweya wa kaboni dayokisaidi kuti lilimbe, msewu usatitimire.

Zotsatirazi malemu analamula okha kuti zinenedwe pamaliro pawo.

Pa kampanipo panabwera injiniya wachitsikana wa ku Zambia, Mayi Womba Kayombo, a digiri ya konkuno, ndipo anaikidwa kukhala bwana wawo. Dothi ankakanda ndi malemu, koma pa lipoti pankalembedwa dzina la Mayi Womba. Mayiwo atagula nyumba ku Dún Laoghaire, banja la a Chagunda linali litasamuka katatu chifukwa eni nyumba ankagulitsa. Nsanje inawadya malemu. Ngakhale anali a kwaya okhulupirika, pa Misa ankakhala pa benchi lakutali kuti popatsana mtendere asagwirane chanza ndi Mayi Womba, amene ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Kampani itayamba msewu wopita ku nyumba zatsopano, dothi lamakande linakana mpweya. Malemu analifinya m'manja n'kudziwa vuto: linkafunika kugalauzidwa kuti liyambe lauma. Anakhala chete miyezi isanu ndi itatu, akuonerera bwana wawo akuvutika. Msewu unaima, nyumba sizinatsegulidwe, mabanja odikira anapitiriza kukhala m'mahotela. Malemu anadzamva mochedwa kuti imodzi mwa nyumbazo inalonjezedwa kwa mwana wawo Tamara, amene ankakhala m'chipinda chimodzi ndi ana awiri. M'mawa mwake anaulula zimene ankadziwa. Msewu unatha, ndipo woyamikiridwa anali Mayi Womba. Ku mwambo wotsegulira malemu sanapite.

Mu 2022 anapezeka ndi khansa ya m'mapapo. Ali m'chipatala anaitanitsa Mayi Womba, n'kuwauza za miyezi imene anabisa nzeru ija. Anati, "Nsanjeyo sinathe, mayi. Ndangofuna mudziwe ndisanapite." Mayi Womba anayankha m'Chinyanja cha ku Zambia, "Nenze kudziwa, ba Cornelio. Naine nenze kukhumbira manja yanu." Malemu anaona manja awo kanthawi, n'kunena kuti, "Mukanandiuza kale." Tsiku lomwelo analandira sakramenti la odwala. Anatisiya pa 14 Febuluwale 2023.

Asiya mkazi wawo Mayi Justina, ana awiri Tamara ndi Samuel, zidzukulu ziwiri, ndi mlongo wawo Magdalena ku Ntcheu. Mayi Womba ali nafe pano, pa benchi la banja, monga anapempha malemu.

Chauta awalandire Bambo Chagunda. Apumule mu mtendere.