Chiwaya Chopanda Thovu

Radovan anafika kwawo Loweruka ndi bokosi la zitsulo zomwe ankayenera kukaonetsa maprofesa pa mayeso ake Lolemba ku Bratislava. Mayi ake, a Zdenka, omwe anakalambira m'fakitale yosungunula aluminiyamu akutaya chitsulo chilichonse chokhala ndi thovu, anatsegula bokosilo iye ali mtulo.

"Amayi, bokosi langa lapepuka," anatero Radovan atadzuka mochedwa tsiku lotsatira.

"Ndakusankhira. Zoola ndachotsa. Khala pansi udye."

"Chitsulo sichiola, amayi."

"Nanga timabowo tija? Ngati buledi! Bambo ako akanatulutsa zotere akanawathamangitsa ntchito tsiku lomwelo."

Radovan anasuzumira m'bokosi. Munatsala zidutswa zolimba zokhazokha.

"Izi ndiye zolephereka. Thovu lija ndimaliika dala. Timasungunula chitsulo, n'kupopera mpweya pansi pa mphika ndi kapaipi."

"Dala?" A Zdenka anaika supuni pansi. "Sukulu yonse ija, kuti uziuzira chitsulo ngati mwana woseweretsa sopo?"

"Sitiuzira ndi pakamwa. Tingapse milomo."

"Eya, nzeru zimenezo. Ndanyadira."

"Zikomo, amayi. Koma zili kuti? Popanda zimenezo, Lolemba ndilibe choonetsa."

"Zili kwa Gejza wogula zitsulo zakutha. Wakuba uja amati n'zopepuka, sikelo yake siyikuzimva. Ndinamukhalira pakhomo mpaka anagonja, n'kundipatsa chiwaya icho mosinthanitsa." Analoza chiwaya chakuda pa mbaula. "Tanyamula. Mulibe thovu ngakhale limodzi. Katengere maprofesa ako, aone chitsulo chenicheni."

Radovan anachinyamula, n'kuchitembenuza. "Sangalole. Ichi si aluminiyamu."

"Iii, mwana uyu. Ndinabereka kapena ndinatola?"

"Munabereka. Tiyeni tikabweze chiwayachi, atipatse zitsulo zanga."

"Kubweza? Ine Zdenka kubwerera kwa Gejza chiwaya kumanja? Msika wonse undiseke?"

"Ndipita ndekha. Kwa iyeyo n'zinyalala, angondipatsa."

A Zdenka anayamba kupukuta tebulo lomwe linali loyera kale.

"Sakupatsa."

"Chifukwa?"

"Waziika pawindo, pafupi ndi chithunzi cha Mariya. Chimodzi chikuyandama m'beseni, anthu akubwera kudzaonera."

"Wadziwa bwanji kuti zimayandama?"

"Ndinamuonetsa, nanga! Ndinamuuza kuti m'dziko lonse lino palibe wina wotha kutsekera mpweya m'chitsulo koma mwana wanga, kuti maprofesa amaimirira iye akamalowa, kuti tsiku lina zimenezi adzapangira ndege."

Radovan anaika chiwaya pansi pang'onopang'ono, maso ali gwa pa mayi ake.

"Amayi... ndiye kuti ntchito yangayi mumaimvetsa?"

A Zdenka anavala chikhoto, n'kutenga chiwaya chija ngati chibonga.

"Usadzimve, iwe. Pogulitsa munthu amanama. Tiye, ukaime kumbuyo kwanga ndipo usatsegule pakamwa. Tsopano ndikukazigula, ndikanena zoona zoti n'zoola."