Mazira Pakati pa Chitunda

Mlimi wina wa nkhuku atathyoka mwendo wakumanzere pogwa padenga la khola, anakanitsitsa kulemba dalaivala, nati mkazi wake, telala wa pamsika, amuphunzitsa yekha kuyendetsa. Ndiye m'mawa wina galimoto yawo yam'tchire, itadzaza mathireyi a mazira opita kugolosale, inawazimira pakati pa chitunda cha miyala, kumunsi kuli mtsinje.

"Kokani handibuleki, mayi!" anakuwa bamboyo, mwendo wapulasitala uli tantha.

"Ndakoka."

"Nanga mwatsinziniranji?"

"Mtsinjewo ukundiyang'ana pagalasi."

"Aaa, usiyeni. Ine zitunda ngati izi ndimakwera ndikusenda nthochi. Pondani klatchi, lizani injini, giya yoyamba. Kagiya kakang'onoko kakokeninso, kuti matayala onse anayi akoke."

Mayi anatsegula diso limodzi. "Onse anayi? Nanga ulendo wonsewu amakoka angati?"

"Awiri."

"Enawo amangokwera ulere ngati achimwene anu aja?"

"Achimwene anga asiyeni! Tsopano ipatseni moto."

Mayi anapisa dzanja m'chikwama, n'kupukusa mutu. "Machesi sindinatenge."

"Mayo ine! Chopondera chakumanjacho!"

"Mukanangotero. Makina anga osokera ali ndi chopondera chimodzi, ndipo sanandipemphepo moto."

Anayamba kupalasa phazi, kutsitsa, kukweza. Injini inkangoti vuu, vuu, vuu.

"Simukusoka diresi apa! Phazi likhazikike. Eya. Tsopano tidikire kunjenjemera."

"Kwayamba kale."

"Limenelo ndi bondo lanu, si galimoto. Chotsani phazi pa klatchi…"

Mayi analichotsa lonse. Galimoto inadumpha ngati chule, n'kuzima. Kumbuyo kunamveka kuti phwa!

Bambo anagwira pamtima. Phokoso limenelo ankalidziwa: thireyi lapamwamba, la mazira akuluakulu aja.

"Ndimati pang'onopang'ono!"

"Munayamba ndi 'chotsani'. 'Pang'onopang'ono' wanuyo wafika phazi litachoka kale."

"Chabwino. Ndine munthu wodekha ine. Tiyambirenso."

Analizanso injini. Ulendo uno mayi anatsitsa handibuleki msanga, galimoto isanagwire, ndipo mitengo ya m'mbali inayamba kuyenda molakwika.

"Iii, tikubwerera! Siyani zimenezo, siyani!"

Mayi anasiya zonse, chiwongolero ndi zopondera zomwe, manja n'kuika pamiyendo.

"Buleki! Buleki!"

"Iti? Yadzanja kapena yaphazi?"

"Iliyonse imene mukuikonda!"

Mayi anaponda ndi mtima wonse. Phwa! Phwa!

Mtsinje tsopano unkamveka bwinobwino, ndipo fungo la klatchi yopserera linadzaza m'galimoto.

"Bambo," mayi anatero modekha, "bwanji tiimbire foni dalaivala wa aneba aja?"

"Ameneuja? Amene ndinamuphunzitsa ndekha kubwerera chammbuyo? Kuti mawa msika wonse uzindiloza ndi milomo? Bola ndimire ndi mazira anga!"

"Mumire nokha kapena ndi ine ndemwe? Ndidziwiretu, ndili ndi mayunifomu a eni ake osamaliza."

"Palibe akumira! Kokani handibuleki. Ndikaika miyala kumatayala kuti isabwererenso."

Anatsika movutikira, ndodo zoyendera m'khwapa, n'kumakankha miyala ndi mwendo wabwinowo uku akudzilankhulira. Pansi pa chitseko chakumbuyo pankadontha zachikasu. Anatembenuza nkhope kuti asaone.

"Mwakonzeka?" anafuula ataima pambali. "Moto pang'ono, klatchi pang'onopang'ono, ikanjenjemera tsitsani handibuleki! Ikangogwira, osaima mpaka pamwamba!"

"Mpaka pati?"

"Pamwamba!"

Injini inalira. Kenako inatsitsa mawu, ngati munthu wosenza thumba lolemera. Galimoto inanjenjemera, kumbuyo kunakhala pansi pang'ono, matayala anakanda miyala, basi inanyamuka mwaulemu ngati yanyamula wodwala.

"Eyaaa! Ndi zimenezo!" Bambo anakweza ndodo m'mwamba, mano onse panja. "Wophunzira wanga ameneyo!"

Fumbi litamufika m'kamwa m'pamene anazindikira kuti mphunzitsi watsala.

"Mayi! Imani! Imanitu!"

Pawindo panatuluka dzanja, linamubayibitsa bwinobwino, n'kubwerera ku chiwongolero.

Chitunda chimene bambo ankati amachikwera akusenda nthochi anachidziwa bwino tsiku limenelo, mwala uliwonse payekhapayekha. Anafika pamwamba malaya atamatirira kumsana, pulasitala atafiira ndi dothi. Anapeza galimoto itaima pamthunzi, mayi akupukuta galasi ndi kansalu, uku akung'ung'udza kanyimbo.

"Mwandisiyiranji?" anafunsa, mpweya ukuperewera.

"Munati osaima mpaka pamwamba. Pamwamba ndi pano."

"Simunandimve ndikukuwa?"

"Ndinamva. Koma mawu oyamba aja anali omveka bwino kuposa achiwiriwo."

Bambo anasuzumira kumbuyo. Palibe dzira lina limene linasweka. Anakonza kolala, ulemu wake n'kuyamba kubwerera pang'onopang'ono.

"Komabe mwaona nokha uphunzitsi wanga. Ndangolankhula kamodzi, galimoto yakwera."

"Zoonadi, bambo. Mukakhala panja mumaphunzitsa bwino zedi."

"Ndiye muzikawauza anzanu kumsikako." Anagwira chitseko kuti akwere.

Mayi analiza injini, n'kuloza kutsogolo ndi chibwano.

"Musavutike n'kukwera, bambo. Chitunda china icho."