Benchi la Anthu Awiri

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1958, oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndikuyankhula pano ndine mng'ono wawo. Sukulu analekezera sitandade 8 mu 1974, kenako anaphunzira ukalipentala. Amene munagulako mipando yawo mukudziwa kuti siigwedera.

Mu 1983 anakwatira alamu athuwa, ndipo anadalitsidwa ndi ana atatu.

Tsono izi achimwene anachita kundilamula kuti ndidzazinene pamaliro awo. Amene muchite manyazi, yang'anani pansi. Cha mu 2001 mphamvu zachibambo zinawathera. M'malo mouza akazi awo, anayamba kugona kushedi pakati pa matabwa, ati ntchito yachuluka. Alamu anaganiza kuti pali mkazi wina, mpaka anamanga katundu. Banja linatsala pang'ono kutha.

Mu 2002 anamva kuti madokotala akuyesa kuphatikiza mankhwala awiri a vutoli, ndipo analembetsa. Koma lamulo linali lakuti aliyense azibwera ndi mkazi wake. Choncho achimwene anaulula vutolo kwa alamu. Mwezi ndi mwezi awiriwa ankadikira dokotala pakhonde la chipatala, pa kabenchi kakafupi kogwedera, koti anthu awiri sangakhalepo osakhudzana. Malemu ankang'ung'udza za mmisiri amene anakakhoma, alamu n'kumaseka. Apo m'pamene anayambiranso kucheza.

Kafukufuku atatha mu 2003, adokotala anawauza kuti iwo anali m'gulu lolandira mapiritsi ongoyerekezera, opanda mankhwala. Apo n'kuti alamu ali oyembekezera mwana wawo wotsiriza, uyo akubisa nkhopeyo. Achimwene anaseka mpaka misozi. Ena mankhwalawo anawathandiza, sitikana, koma iwo ankati chinawachiritsa ndi benchi. Anakhoma lawolawo, lalifupi dala, n'kuliika pakhomo. Bambo aliyense wobwera kudzawanong'oneza vuto lomweli ankamubweza kuti akatenge kaye mkazi wake, ndipo akacheza ankawatumiza kuchipatala ali awiri.

Anayamba kudwala mtima mu Januwale chaka chino, ndipo anatisiya Lachiwiri lapitali, alamu atawagwira dzanja.

Asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anamwino, akalipentala anzawo amene akhoma bokosili, ndi nonse amene mwatigwira mkono. Alamu, tikudziwa kuti benchi lija lakukulirani tsopano. Ana azikhalapo nanu mosinthana. Achimwene, tinkakukondani kwambiri. Mzimu wanu uuse mumtendere.